Paipi ikaphulika pamdadada, alipire ndani?

Kuyambira Juni mpaka Ogasiti, m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi mumawomba mphepo ya mwera ndipo m'bandakucha kumazizira zedi. Nyengoyi imabweranso ndi mavuto a mapaipi m'midadada ya lendi pa boma la Dowa, kwa Mponela ndi pa boma la Ntchisi, momwe mabanja angapo amadalira mita imodzi. Madzi akalowa m'nyumba n'kuononga matilesi, ufa kapena khoma, mkangano umakhala wakuti alipire ndani.

Chimene chimaphulitsa mapaipi

Ku Ulaya madzi akaundana amafufuma ndi 9 peresenti n'kung'amba paipi. Kuno chisanu sichifika pamenepo kawirikawiri. Chimene chimachitika n'chakuti mapaipi apulasitiki omwe akhala padzuwa nthawi yaitali amauma, ndipo kukazizira sachedwa kusweka. Dothi nalo likamauma limakokana n'kusuntha mapaipi okwiriridwa pang'ono.

Palinso vuto la madzi odukizadukiza. Akasiya kutuluka, m'mapaipi mumadzaza mpweya, ndipo akabwerera mwamphamvu amagwedeza molumikizira. Nthawi zina paipi imakhala ili bwinobwino, koma wina anaiwala kutseka mpopi masana, madzi n'kubwera usiku anthu ali mtulo.

Malire ndi mita

Madzi a m'matauni amenewa amaperekedwa ndi bungwe la Central Region Water Board, lomwe linakhazikitsidwa pansi pa lamulo la Waterworks Act la 1995. Paipi yochokera mumsewu kufika pa mita ili m'manja mwa bungweli, ndipo ikaphulika ndi kumeneko kokanena. Kuchokera pa mita kulowa m'nyumba, udindo ndi wa mwini malo. Madzi onse odutsa pa mita amalowa pa bilu, ngakhale atatayikira pansi.

Pakati pa landilodi ndi alendi, choyamba kuonedwa ndi mgwirizano wa lendi. Mwachizolowezi, paipi yothera ntchito ndiponso yodyetsa nyumba zonse amakonza ndi landilodi, pomwe mlendi amalipira zimene waononga yekha.

Kukhala mwini paipi si mlandu

Malamulo a dziko lino pa nkhani za chipukutamisozi anachokera kwambiri ku malamulo a ku England. Mlandu wodziwika pankhaniyi ndi wa Rickards ndi Lothian wa mu 1913. Mumzinda wa Melbourne ku Australia, munthu wosadziwika anatseka potulukira madzi mu sinki ya m'chipinda cham'mwamba n'kusiya mpopi wotsegula, ndipo madzi anaononga katundu wa mlendi wa pansi. Khoti la Privy Council linagamula kuti woyang'anira nyumbayo analibe mlandu, poti kukhala ndi madzi a m'mipopi m'nyumba ndi chinthu chamasiku onse.

Choncho wodandaula amayenera kuonetsa kusasamala. Landilodi amene anauzidwa kuti paipi ikudontha koma osakonza, kapena mlendi amene anasiya mpopi wotsegula, ndiye amagwa m'mbuna. Wodandaulayo nayenso ayenera kuchepetsa chionongeko, chifukwa katundu amene akanatha kumupulumutsa koma n'kumulekerera savuta kukanidwa.

Njira yopemphera chipepeso

Choyamba ndi kutseka madzi pa mita. Kenaka ajambulidwe zithunzi za pamene paphulika, za katundu woonongeka ndi za manambala a pa mita. Pulambala alembe chimene wapeza, ndipo chidutswa cha paipi yosweka chisungidwe.

Pempho liperekedwe polemba, litchule tsiku, katundu ndi mtengo wake. Mtengowo ukhale wa katundu monga analili, osati wa watsopano. Kudula ndalamazo pa lendi popanda kugwirizana n'koopsa, chifukwa wodandaula amasanduka wangongole. Amene ali ndi inshulansi adziwitse kampani yake msanga, ndipo adziwe kuti inshulansi ya nyumba ya landilodi kawirikawiri siteteza katundu wa mlendi.

Zikakanika kukambirana, nkhani imatha kupita kwa mfumu ya deralo, ndipo ikavuta, kukhoti la majisitireti. Amene sangakwanitse kulipira loya angapemphe thandizo ku bungwe la Legal Aid Bureau.

Komabe mikangano yambiri imapeweka pamene anthu a pamdadada alemberana, chisanu chisanafike, za kagawanidwe ka bilu yokwera chifukwa cha kudontha, komanso aliyense adziwa pamene pali chotsekera madzi.