Pangano la mu 1989 lomwe limawolotsa digiri ya uinjiniya

Lero ndiyambe ndi msuweni wanga. Anafika kuno ku Johannesburg ali ndi digiri ya uinjiniya ya kumudzi, yoikhetsera thukuta zaka zisanu. Ntchito yoyamba imene anapeza inali yokoka mawaya a intaneti m'maofesi limodzi ndi ine. Inetu ndimakonza makompyuta, koma iyeyu amatha kuwerengera katundu amene mlatho ungasenze. Zinandiwawa, ndiye ndinayamba kufufuza kuti vuto lagona pati.

Nkhaniyi inayamba mu 1989. Mabungwe ovomereza maphunziro a uinjiniya ku United States, Britain, Canada, Australia, Ireland ndi New Zealand anasainirana pangano lotchedwa Washington Accord. Mfundo yake inali yakuti kosi imene bungwe limodzi laiyendera n'kuivomereza, enawo aziitenga ngati yofanana ndi yawo. Wophunzira asamayambirenso kutsimikizira sukulu yake akawoloka malire.

Ena anabwera pambuyo. Hong Kong inalowa mu 1995. South Africa inalowa mu 1999 kudzera ku bungwe la ECSA, ndipo linali dziko loyamba mu Africa muno. Japan inatsatira mu 2005, India mu 2014, China mu 2016. Kulowako si kungolemba kalata ayi. Bungwe limayamba lakhala pa mndandanda wa oyembekezera, anzake amadzaona mmene limayendera masukulu, kenako mamembala onse avomereze.

Koma Washington Accord ndi ya mainjiniya a digiri yokwanira basi. N'chifukwa chake panabwera Sydney Accord mu 2001 ya matekinolojisti, ndi Dublin Accord mu 2002 ya matekinishani. Ife a makompyuta yathu ndi Seoul Accord ya mu 2008.

Tsono za msuweni uja. Malawi sanasaine nawo Washington Accord. Izi sizikutanthauza kuti digiri yake ndi yachabechabe. Zikungotanthauza kuti mapepala ake amayenera kuunikidwa paokha, ku SAQA komanso ku ECSA, pamene mnzake wa kosi yovomerezeka kale amangodutsa. Kuunikako kumafuna nthawi ndi ndalama, pomwe lendi siidikira.

Ndiye inu achinyamata amene mukusankha sukulu ku Britain, ku America kapena konkuno, mvetsetsani. Panganoli limavomereza kosi, osati yunivesite yonse. Yunivesite yotchuka itha kukhala ndi kosi ina yovomerezeka, ina ayi. Komanso silikupatsani laisensi: muyenerabe kugwira ntchito zaka zingapo musanalembetsedwe ngati injiniya wokhazikika.

Musanalipire fizi, tsegulani mndandanda wa ECSA, ABET kapena Engineering Council, mupeze dzina la kosi yanuyo ndi chaka chake. Mphindi khumi zokha zimenezo. Safunsa anadya phula, abale anga. Tikumane ulendo wamawa.