Ndani ankasita malaya a mabwana?

Nyengo yosaka ntchito ikafika, tonsefe timadziwa lamulo losalembedwa lija: satifiketi ikhale m'envulopu, malaya akhale ositidwa. Malaya amakwinya amakugwetsa usanatsegule n'komwe pakamwa. Koma anthu akamafotokoza mbiri ya kusita, kawirikawiri amangotchula Henry W. Seeley wa ku New York, yemwe analembetsa simbi yamagetsi mu 1882, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ndikuona kuti mbiri yeniyeni ili ndi anthu amene ankagwira simbiyo. Ambiri mwa iwo anali anthu akuda, ndipo sanangokhala chete n'kumasita.

Tiyambire konko ku America, mumzinda wa Atlanta, m'chaka cha 1881. Ukapolo unali utatha mu 1865, koma ntchito imene amayi akuda ambiri ankaipeza inali yochapa zovala za azungu. Ankatunga okha madzi, kupanga okha sopo ndi sitachi, kuwiritsa zovala, kuyanika, kenako n'kusita ndi simbi zolemera zotenthetsa pamoto. Malipiro ake anali madola 4 mpaka 8 pamwezi.

Mu July chaka chimenecho, amayi 20 anakhazikitsa gulu lotchedwa Washing Society. Anagwirizana mtengo umodzi: dola imodzi pa zovala zolemera mapaundi 12, omwe ndi pafupifupi makilogalamu asanu ndi theka. Anayenda khomo ndi khomo kumema anzawo, ndipo patangotha milungu itatu, onyanyala ntchito anafika 3,000. Ena anamangidwa, ena analipitsidwa chindapusa. Akuluakulu a mzinda anaopseza kuti wochapa aliyense azilipira madola 25 pachaka. Amayiwo analembera meya kalata kuti ndalamazo alipira ndithu, bola ntchito yochapa mumzindamo ikhale m'manja mwawo. Nthawi imeneyo Atlanta inkakonzekera chionetsero chachikulu cha thonje, ndipo alendo sakanalandiridwa ndi malaya akuda. Khonsolo inaisiya nkhani ya msonkhoyo.

Kuno ku Africa zinthu zinayenda mosiyana. Golide atapezeka mu 1886, Johannesburg inadzaza ndi amuna achizungu opanda mabanja, ofuna malaya oyera m'tauni yafumbi. Amuna achizulu ochokera ku Natal anaona mwayi. Anadzisonkhanitsa m'gulu lomwe linkadziwika kuti AmaWasha, n'kumachapa m'mphepete mwa timitsinje ngati Braamfontein Spruit. Sanali antchito a munthu: ankadzilemba okha ntchito, ndipo ankapeza bwino kuposa anzawo ambiri a kumigodi. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1890 analipo oposa 1,000.

Chinawagwetsa si ulesi ayi. Azungu a ndalama anatsegula makampani ochapa ndi makina a nthunzi, ndipo akuluakulu a tauni, ponena kuti akuteteza ukhondo, anawasamutsira kutali ndi makasitomala awo. Pofika 1914 gululi linali litatheratu mphamvu. Wolemba mbiri Charles van Onselen ndiye anafukula nkhani yawo.

Ntchito yochapa ndi kusita sinathe, inangosamuka. Ina inapita kumakampani, ina inalowa kuseri kwa nyumba za azungu, kumene munthu wamkulu wandevu zake ankaitanidwa kuti boyi. Apa m'pamene nkhaniyi ikutikhudza, chifukwa amuna ambiri a ku Nyasaland amene anapita ku Joni ndi ku Salisbury anakathera ntchito ya m'nyumba yomweyi: kuphika, kuchapa, kupemerera simbi yamakala, n'kumasamala kuti phulusa lisagwere pa kolala ya bwana. M'dera lathu lino kusita sikunali kudzikongoletsa kokha. Ntchentche ina imaikira mazira pa zovala zoyanikidwa, makamaka pansi kapena pamthunzi, ndipo mphutsi zake zimalowa pakhungu. Kutentha kwa simbi ndiko kumazipha. Wosita ankateteza thanzi la banja lonse, koma malipiro ake sankaonetsa zimenezo.

Nkhani ziwirizi zikundiphunzitsa chinthu chimodzi. Mtengo wa kusita sunakhazikitsidwepo ndi kuvuta kwa ntchitoyo, koma ndi mphamvu ya woigwira. Amayi a ku Atlanta anamveka chifukwa anagwirizana pa nthawi imene mzinda unkawafuna. AmaWasha anagonja chifukwa malamulo ndi chuma zinali mbali imodzi. Wantchito wa m'nyumba, yemwe amakambirana ndi bwana ali yekhayekha, ndiye amakhala pansi penipeni.

Anzanga, enafe tikangoyamba kulandira malipiro tidzalemba mtsikana kapena mnyamata wochokera kumudzi kuti azitichapira ndi kutisitira, magetsi akazima azikoleza makala mbandakucha. Tidzakhala mbali ya mabwana m'mbiri imeneyi. M'kalasi timadzudzula atsamunda mokweza mawu. Mayeso enieni adzabwera kumapeto kwa mwezi: kodi tidzamulipira motsatira malamulo a ntchito, kumupatsa tsiku lopuma, ndi kumuitana ndi dzina lake?