Oyilo wa synthetic anachokera kuti?

Loweruka lapitali ndinapita kukachititsa sevisi ka Vitz kanga, ndipo makaniko wake, mnyamata yemwe ndinamuphunzitsa Fomu 3, anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, tithire oyilo wamba kapena wa synthetic?" Mitengo yake inasiyana kwambiri, ndipo malipiro athu mukuwadziwa. Poti ndine wa History, ndinati ndiyambe ndafufuza komwe zinthuzi zinachokera.

Kale makina ankawadzoza mafuta a nyama ndi a zomera. Zinthu zinasintha Edwin Drake atakumba chitsime cha mafuta ku Titusville, Pennsylvania, mu 1859. Mu 1866 John Ellis anayamba kuyenga mafuta apansiwa kuti azifewetsa injini zoyendera nthunzi, ndipo kampani yake ndi imene inadzakhala Valvoline. Oyilo wamba ndi ameneyu: mafuta okumbidwa pansi, oyengedwa basi. Chinandiseketsa n'chakuti dzina la Castrol linachokera ku nsatsi, zomwezi agogo athu ankasinja n'kumadzola. Kampani ya Charles Wakefield ku London inkasakaniza mafuta a nsatsi mu oyilo wake.

Wa synthetic anakula chifukwa cha kusowa ndi nkhondo. Dziko la Germany linali ndi malasha ambiri koma mafuta apansi ochepa, choncho akatswiri monga Hermann Zorn wa kampani ya IG Farben anayamba kupanga oyilo mu labotale m'zaka za m'ma 1930. Asilikali a Hitler atalowa mu Soviet Union mu 1941, chisanu chinalimbitsa oyilo wamba ngati phala lozizira, injini n'kumakana kulira. Nkhondo itatha kunabwera ndege za jeti, zomwe kutentha kwake oyilo wamba sakanakupirira. Kwa zaka zambiri synthetic anali wa ndege. Anayamba kufala m'magalimoto a anthu wamba kuchokera mu 1972, pamene Al Amatuzio, woyendetsa ndege zankhondo ku America, anatulutsa Amsoil, kenako Mobil 1 mu 1974.

Apa ndi pomwe pali nkhani. Kampani ya Castrol inayamba kugulitsa oyilo wochokera ku mafuta apansi omwe aja, koma woyengedwa kwambiri ndi hydrogen, n'kumamutchula kuti synthetic. A Mobil anadandaula, ndipo mu 1999 bungwe loona zotsatsa malonda ku America, la National Advertising Division, linagamula mokomera Castrol. Kuchokera pamenepo, zigubu zambiri zolembedwa synthetic zimakhala ndi oyilo wa mtundu umenewu. Si woipa ayi, ndi wabwino ndithu, koma liwulo linasanduka la malonda kuposa la sayansi.

Nanga ife tisankhe uti? Chisanu cha ku Russia kuno kulibe, ngakhale ku Dedza mu June. Chomwe tili nacho ndi kutentha kwa October, fumbi, ndi mizere ya magalimoto m'tauni. Synthetic amapirira kutentha ndipo sachedwa kufika paliponse mu injini m'mawa. Koma ine ndaona kuti manambala a pachigubu ndi ofunika kuposa liwu lija. Timagalimoto tambiri tochokera ku Japan tinapangidwira oyilo wopyapyala, 0W-20 kapena 5W-30, ndipo 0W-20 nthawi zambiri amakhala wa synthetic. Kuthira 20W-50 m'tinjini totere, monga amachitira ena poganiza kuti wokhuthala ndiye wamphamvu, n'kuiumiriza injini kumwa mafuta ambiri. Koma lole yakale kapena pikapu ya m'ma 1980 imayenda bwinobwino ndi oyilo wamba, bola azisinthidwa pa nthawi yake pamodzi ndi fyuluta. Fumbi likalowa, silisankha kuti oyiloyu ndi wodula.

Ine ndinathiritsa 5W-30 wa synthetic, n'kusinthitsanso fyuluta ya mpweya, yomwe inali yofiira ngati njerwa. Mnyamata uja anandichotserako pang'ono pa ntchito, akuti chifukwa sindinkamuuza kuti akumbe dzenje akachedwa.