Signal

Signal ndi pulogalamu yaulere yotumizirana mauthenga pafoni. Imayendetsedwa ndi Signal Foundation, bungwe losachita malonda lomwe linakhazikitsidwa mu 2018 ndi Moxie Marlinspike komanso Brian Acton, mmodzi mwa omwe anayambitsa WhatsApp.

Inatchuka kwambiri mu Januwale 2021, WhatsApp itauza anthu kuti avomereze malamulo atsopano okhudza kugawana zambiri zawo ndi Facebook. Anthu miyandamiyanda sanakhulupirire kampaniyo ndipo anasamukira ku Signal ndi Telegram.

Ku Malawi kusamukako nkovuta. Airtel ndi TNM amagulitsa mabandulo otchipa a WhatsApp, choncho wothyola tiyi wa kwa Khwethemule ku Thyolo akafuna Signal ayenera kugula bandulo ya intaneti yonse, yokwererapo mtengo. Komanso abale ake ndi magulu a kutchalitchi amakhala atatsalira pa WhatsApp.