Ndege za jeti za Air Malawi

Air Malawi idakhazikitsidwa mu 1964 ngati nthambi ya Central African Airways, ndipo idayamba kuima payokha mu 1967. Poyamba inkayendetsa ndege za mapulopela zokhazokha, monga Vickers Viscount.

Mu 1972 kudabwera BAC One-Eleven, jeti yopangidwa ku Britain ya injini ziwiri za Rolls-Royce Spey zomangidwa kumchira. Mtundu wa 475 umene kampaniyi idagula adaukonza kuti uzitha kutera pa mabwalo aafupi, ndipo unkauluka maulendo a m'chigawo chino cha Africa, monga a ku Johannesburg.

Yotchuka kuposa zonse inali Vickers VC10, nambala yake 7Q-YKH, imene idagulidwa kwa British Caledonian mu 1974. Inali ndi injini zinayi za Rolls-Royce Conway, ziwiri mbali iyi ziwiri mbali inayo, zonse kumbuyo, mchira wake uli njo ngati chilembo cha T. Popeza mapiko analibe injini, ndegeyi inkanyamuka mosavuta pa mabwalo otentha ndi okwera, kumene mpweya ndi wopepuka. Ndiyo inkanyamula anthu kuchokera pa bwalo la ndege la Chileka kupita ku Gatwick, ku London. Koma mafuta inkamwa osati masewera, ndipo kudalira ndege imodzi yokha pa ulendo wautali chotere kunali kudziika pachiswe. Idaleka kuuluka mu 1979, idakhala zaka zambiri ili chiimire pa Chileka, kenako idaphwasulidwa m'zaka za m'ma 1990.

Boeing 737-300 idafika mu 1991. Air Malawi idathetsedwa mu 2013 chifukwa cha ngongole.