Mbiri ya Lumo ndi Lezala

Songani ndi malo a malonda amene ali pa mseu wochokera ku Zomba kunka ku Liwonde, pafupi ndi Domasi, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa. Pa tsiku la msika anthu amadza ndi mpunga, matemba, nzimbe ndi mphasa, ndipo pobwerera kwawo amagula mchere, sopo, machesi ndi lezala. Mwa zinthu zonsezi lezala ndilo laling'ono koposa, ndiponso mtengo wake ngwochepa. Koma kanthu kakang'onoka kali ndi mbiri yaitali. Munthu wodziwa mbiriyo amadziwanso kusankha chometera chimene sichidzaononga khungu lake, kapena kumuthera ndalama, kapena kumutengera nthenda.

Lumo la Makolo

Kumeta sikunadze ndi Azungu. Anthu ofukula zinthu zakale apeza kuti m'dziko lino kuyenga chitsulo kunayamba zaka zoposa 1,500 zapitazo. Pamene David Livingstone ndi John Kirk anafika ku nyanja ya Chilwa m'mwezi wa Epulo chaka cha 1859, anadzera m'midzi ya Amang'anja. Livingstone analemba kuti midzi ya anthuwa inali ndi ng'anjo, otentha makala ndi osula zitsulo. Osulawo anali kupanga makasu, nkhwangwa, mikondo ndi mivi. Iwo omwewo ndiwo anali kusulanso lumo.

Lumo linali kachitsulo kopyapyala, konoledwa pa mwala kufikira katathwa kwambiri. Munthu sanali kudzimeta yekha, pakuti kalirole analibe. Anali kukhala pansi pamthunzi, mnzake nanyowetsa tsitsi ndi madzi, nayamba kumupala pang'onopang'ono. Pambuyo pake, mabotolo atafika m'midzi, ena anayamba kumetera phale la botolo losweka.

Kumeta kunali ndi tanthauzo lalikulu pa moyo wa munthu. Khanda linali kumetedwa tsitsi lobadwa nalo. Namwali anali kumetedwa pa chinamwali, kusonyeza kuti wasiya chibwana. Maliro akachitika, anamfedwa anali kumeta. Achewa amameta maliro kawiri: koyamba patapita masiku owerengeka chiikire maliro, ndipo kachiwiri patapita miyezi, pamene aphika mowa wokumbukira womwalirayo. Ayao ambiri a m'dera la mfumu Malemia ndi Asilamu, ndipo chiphunzitso cha Chisilamu chimalimbikitsa kumeta mwana pa tsiku lachisanu ndi chiwiri atabadwa. Asing'anga nawonso anali kutemera mphini ndi lumo.

Komabe lumo linali ndi zovuta ziwiri. Choyamba, kukamwa kwake kunali poyera, kopanda chotchinga, kotero kuti dzanja likanjenjemera munthu anali kuchekeka. Chachiwiri, lumo limodzi linali kuyenda m'mitu ya anthu ambiri, ndipo zipere ndi zilonda zinali kuyenda nalo pamodzi. Mbiri yonse ya chometera ndiyo mbiri ya kufunafuna njira yothetsera zovuta ziwirizi.

Amisiri a Maiko Ena

Anthu a maiko ena anavutikanso chimodzimodzi. M'manda a anthu akale a ku Egypt mwapezeka malumo a mkuwa. Ku England, mzinda wa Sheffield unatchuka ndi kusula mipeni, ndipo cha m'ma 1740 Benjamin Huntsman anapeza njira yopangira chitsulo cholimba chimene sichibuntha msanga. Ndi chitsulocho amisiri anapanga lumo lalitali lopindika ngati mpeni wa m'thumba. Linali lakuthwa zedi, koma mwini wake anayenera kulinola pa lamba wachikopa nthawi ndi nthawi. Linali loopsa kotero kuti Angerezi analipatsa dzina lotanthauza kuti "chodula pakhosi."

Cha m'ma 1760 mmisiri wina wa ku Paris, dzina lake Jean-Jacques Perret, anayang'ana chida chimene akalipentala amapalira matabwa. Anaona kuti mpeni wa chidacho umabisika m'thabwa, nungotulukira pang'ono, ndipo chifukwa chake sulowa kwambiri m'mtengo. Tsono iye anaveka lumo chotchinga chathabwa. Mu 1847 William Henson wa ku England anapanga chometera chimene mpeni wake unakhala mopingasa pa chigwiriro, monga momwe khasu limakhalira pa mpini. Mu 1880 abale a banja la Kampfe a ku New York analembetsa ku boma chometera chamtundu womwewo chokhala ndi chotchinga chachitsulo. Zometerazi zinachepetsa kuchekeka, koma mpeni wake unali wochindikala ndi wofunabe kunola.

Nzeru ya King Gillette

Mu 1895 munthu wina wa ku America woyendayenda ndi malonda, dzina lake King Camp Gillette, anaganiza zopanga mpeni wopyapyala ngati pepala, wakuthwa mbali zonse ziwiri, wotsika mtengo kotero kuti ukabuntha munthu angoutaya. Amisiri ambiri anati sizingatheke. Koma William Nickerson anapanga makina oumitsira ndi onolera chitsulo chopyapyalacho, ndipo mu 1901 anakhazikitsa kampani ku Boston. Umo ndimo linabadwira lezala.

Chiyambi chinali chaching'ono. Mu 1903 anagulitsa zometera 51 ndi malezala 168 okha. Koma m'chaka chotsatira anagulitsa zometera zoposa 90,000. Mtengo wake unali madola 5, ndalama zambiri kwa munthu wantchito wamba wa masiku amenewo.

Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse ndiyo inawanditsa lezala. Asilikali anali kuvala chophimba kumaso chowatchinjiriza ku mpweya wapoizoni, ndipo chophimbacho sichigwira bwino pa nkhope ya ndevu. Mu 1918 boma la America linagawira asilikali ake zometera zoposa 3 miliyoni ndi malezala oposa 30 miliyoni. Asilikaliwo pobwerera kwawo sanafunenso lumo lakale. Mu 1921 chilolezo chimene chinaletsa ena kupanga chometera chotere chinatha. Makampani ambiri anayamba kupanga zawo, ndipo Gillette anatsitsa mtengo wa chometera chake chakale kufika pa dola imodzi. Chinali chometera chomwe chija cha madola 5, ndipo chinali kumeta monga kale. Apa mpoonekeratu kuti ubwino wa chometera suli mu mtengo wake.

Lezala Lifika ku Nyasaland

Lezala linalowa m'midzi ya dziko lino podzera njira zitatu. Njira yoyamba inali ya masitolo. Kampani ya African Lakes, imene anthu anaitcha Mandala, inayamba mu 1878, ndipo patapita zaka masitolo ake ndi a Amwenye anafalikira m'maboma ndi m'malo a malonda. Zomba inali likulu la dziko kuyambira 1891 kufikira 1975, ndipo akalaliki, aphunzitsi ndi amesenjala a kumeneko ndi a ku mishoni ya Domasi, imene inayamba mu 1884, anali kufuna kuoneka aukhondo pa ntchito.

Njira yachiwiri inali ya usilikali. Gulu la King's African Rifles linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo malo ake aakulu m'dziko lino anali ku Zomba. Anyamata ambiri a m'midzi yozungulira phiri la Zomba ndi nyanja ya Chilwa analowa usilikali, namenya nkhondo ku East Africa, ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Msilikali anayenera kufika pa perete atameta bwino, ndipo chizolowezicho anabwera nacho kumudzi.

Njira yachitatu inali ya kumigodi. Amuna opita ku Johannesburg ndi Wenela, ndi ena opita ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, anali kubwerera ndi sutikesi ya zovala, kalirole ndi chometera. Pang'ono ndi pang'ono osula anasiya kusula lumo, ndipo lezala linatenga malo ake ngakhale pa maliro ndi pa chinamwali.

Malezala oyambawo anali kuchita dzimbiri msanga. Mu 1962 kampani ya Wilkinson Sword ya ku England inayamba kugulitsa malezala a chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo makampani ena anatsatira. Mu 1971 Gillette inatulutsa chometera cha timipeni tiwiri. Mu 1975 kampani ya Bic inatulutsa chometera chapulasitiki chotaya chonse chikabuntha. Chiyambire pamenepo kwadza zometera za timipeni titatu, tinayi ndi tisanu.

Chifukwa Chake Chibwano Chimatuluka Ziphuphu

Amuna ambiri a mu Africa amadandaula kuti akameta, chibwano ndi khosi zimayabwa ndi kutuluka tiziphuphu towawa. Ena amayesa kuti magazi awo ngoipa, koma madokotala apeza chifukwa chake chenicheni. Ndevu za munthu wakuda ndi zopotana. Tsitsi lopotana likadulidwa, nsonga yake imasongoka ngati munga, ndipo pophukanso limapindika nililasa khungu. Thupi limalimbana nalo monga limachitira ndi munga, ndipo pamalopo pamatupa. Vutoli likapitirira zaka zambiri limasiya madontho akuda ndi zipsera.

Chometera cha timipeni tambiri chimakulitsa vutoli kwa anthu ambiri. Kampeni koyamba kamakoka tsitsi, kotsatira nikalidula lisanabwerere m'malo mwake, kotero kuti chitsa chake chimatsalira mkati mwa khungu. Lezala limodzi lokhala m'chigwiriro chake limadula tsitsi molingana ndi khungu. Chifukwa chake kwa munthu wa ndevu zopotana chometera chachikale chija nthawi zambiri chimaposa chatsopano chokwera mtengo.

Kusankha Chometera Chofatsa

Chometera cha lezala limodzi chimakhala ndi zigawo zitatu: chigwiriro, chotchinga chapansi, ndi chivundikiro chapamwamba. Lezala limagona pakati pa ziwirizo. Wogula ayang'ane mpata umene uli pakati pa lezala ndi chotchinga. Mpatawo ukakhala waung'ono, ndipo kukamwa kwa lezala kukangotulukira pang'ono, chometeracho nchofatsa. Mpata ukakula, chimameta mozama ndipo chimacheka msanga. Chotchinga chosalala ngati kamtanda chimayenera munthu woyamba kumene koposa chokhala ndi mano ngati chipeso.

Wogula aikemo lezala, namange, naone ngati lagona mowongoka ndi kutulukira mofanana mbali zonse ziwiri. Chigwiriro chikhale ndi timizere kuti chisaterereke m'dzanja lonyowa. Chometera chotere munthu amagula kamodzi, nichikhala zaka zambiri. Malezala a kukamwa kuwiri amapangidwa mofanana, kotero kuti lezala la kampani iliyonse limalowa pafupifupi m'chigwiriro chilichonse, ndipo limapezeka ngakhale pa kaokala ka m'mudzi. Koma mutu wa chometera cha timipeni tambiri umalowa pa chigwiriro cha mtundu wake wokha, ndipo mtengo wake ngwokwera.

Chida chabwino chimafunanso dzanja lodziwa. Wometa anyowetse ndevu ndi madzi ofunda kwa mphindi ziwiri kapena zitatu kuti zifewe, napake thovu la sopo. Amete motsatira kumene tsitsi lagonera, osati molimbana nalo. Asakanikize chometera, ndipo asakoke khungu ndi dzanja linalo. Achite monga mlimi wopalira m'chimanga, amene amayendetsa khasu pamwamba pa nthaka osatema mizu. Asabwereze pamalo amodzi kambirimbiri. Akatha atsuke nkhope ndi madzi ozizira, natsuke lezala, naliike pouma. Lezala likayamba kukoka ndevu, labuntha, ndipo lisinthidwe. Ziphuphu zikachuluka, munthu aleke kumeta kwa milungu ingapo, azingodula ndi sizasi; zikachita mafinya apite ku chipatala.

Munthu Mmodzi, Lezala Limodzi

Chotchinga chinathetsa vuto loyamba la lumo la makolo. Vuto lachiwiri silingathetsedwe ndi mmisiri, koma ndi mwini lezala. Mu 1985 madokotala anatsimikiza kuti nthenda ya Edzi yafika m'Malawi. Kachilombo ka HIV kamakhala m'magazi, ndipo kangathe kulowa m'thupi podzera pa bala la chitsulo chimene chacheka munthu wina. Nthenda ya chiwindi yotchedwa hepatitis B imayendanso chomwecho, ndipo kachilombo kake kamakhala ndi moyo kunja kwa thupi kwa masiku 7 kapena kuposapo. Kadontho ka magazi kosaoneka ndi maso nkokwanira.

Chifukwa cha ichi a zaumoyo amaphunzitsa kuti pometa maliro, pa jando, potemera mphini, ndi kwa ometa a pa msika, munthu aliyense akhale ndi lezala lakelake latsopano. Mwambo sutha chifukwa cha zimenezi. Kale lumo linali limodzi chifukwa chitsulo chinali chosowa. Lero malezala ali pa msika uliwonse. Lezala lotha ntchito liikidwe m'kachitini kotseka kapena litayidwe m'chimbudzi chokumba, kuti ana asalitole.

Akuluakulu anati, "Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako." Kale kuthandiza mnzako kunali kumubwereka lumo. Masiku ano wothandiza mnzake amamugulira lezala latsopano, ndipo lake amasunga yekha.