Nyenyezi ya mchira imene inakana kujambulidwa

Amene anali ndi nzeru kale m'chaka cha 1986 akukumbukira mmene mbiri inawandira mu Blantyre muno kuti kukubwera nyenyezi ya mchira yotchedwa Halley, imene imaoneka kamodzi pa zaka pafupifupi 76. Nthawiyo wailesi ya kanema kunalibe kuno kwathu, paja TVM inadzayamba mu 1999. Tsono wofuna kuiona ankayenera kudzuka yekha m'bandakucha, chitenje kapena bulangete paphewa, n'kukweza maso kumwamba.

Ambiri anabwerera kukagona ali okhumudwa. Ankayembekeza chimuni chokhala ndi mchira wotalika ngati chimene agogo anaona mu 1910, koma chimene anapeza chinali kachizimezime, ngati kadontho ka phala pansalu yakuda. Vuto silinali maso athu ayi. Mu 1910 nyenyeziyi inadutsa pafupi, makilomita osapitirira 23 miliyoni, mpaka dziko linapyola kumchira kwake pa 19 Meyi. Koma mu 1986, pa 9 Febuluwale pamene inkawala kwambiri, inali kuseri kwa dzuwa. Pofika Epulo, itayandikira, inali pa mtunda wa makilomita 63 miliyoni, mchira utayamba kale kufota.

Amene anavutika zenizeni ndi eni makamera. Tikunena anyamata aja ankazungulira ku Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa kujambula maukwati ndi ana ovala za Khirisimasi. Kamera yawo inazolowera kuphethira kamodzi, basi chithunzi chatheka. Nyenyezi sizitero. Kuwala kwake n'kochepa, choncho diso la kamera liyenera kukhala lotsegula nthawi yaitali, kamerayo itakhazikika osagwedezeka n'komwe. Ukaigwira m'manja, nyenyezi zimatuluka ngati nyongolotsi. Ukaisanjika pa njerwa n'kudikira mphindi zingapo, dziko lenilenilo limakupusitsa, pakuti limazungulira madigiri 15 pa ola lililonse, ndipo nyenyezi iliyonse imasanduka kamzere. Nanga fulashi? Imeneyo imangowalitsa nthambi za mango za kuseri kwa nyumba.

Kuwonjezera apo, Malichi ndi Epulo ndi kumapeto kwa dzinja. Mitambo imakonda kugona pa Ndirande ndi pa Soche. Ndipo tisaiwale, masiku amenewo munthu wopezeka paphiri usiku ali ndi kamera akanayenera kukhala ndi mayankho okonzeratu.

Tinene kuti zonsezi wazipambana. Chatsala n'kutsukitsa filimu, ndipo apa mpamene panagona mfiti. Makina otsukira zithunzi anapangidwa kuti aziyembekeza nkhope ndi madiresi. Akakumana ndi chithunzi chakuda bii, amayesa chalakwika, n'kuchiwalitsa mpaka thambo lisanduke lotuwa ngati phulusa, nyenyezi n'kumira momwemo. Nthawi zina wotsukayo sankachisindikiza n'komwe, ati palibe chatuluka. Mwina lumo linkadutsa pakati penipeni pa chithunzicho, popeza pa filimu yakuda malire saoneka. Ndalama zapita, masiku apita, ndipo nyenyezi nayo yapita.

Mwini dzinalo naye anaziona. Edmond Halley ali mnyamata ananyamuka ku England mu 1676 kupita pa chilumba cha St Helena kuti akalembe nyenyezi za kum'mwera kuno. Mitambo inamuzunza kwa chaka chathunthu, komabe anabwerako ndi nyenyezi 341 m'kaundula wake. Mu 1705 anawerengetsa kuti nyenyezi za mchira za mu 1531, 1607 ndi 1682 zinali imodzi yomweyo, ndipo idzabweranso cha m'ma 1758. Inabweradi, iye atamwalira kale mu 1742.

Ife a kuno tili nayo pachibale ndithu. Mu Novembala 1835, mwezi umene Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi dzuwa litachita kadamsana, Halley nayo inali pafupi ndi dzuwa paulendo wake. Akatswiri a mbiri anapeza tsiku la kuwolokako powerengetsa kadamsanayo, osati m'kalata ya munthu aliyense.

Chithunzi cha mtima wa nyenyeziyi chinajambulidwa pa 14 Malichi 1986 ndi chombo cha Giotto cha ku Ulaya, chimene chinaiyandikira makilomita ngati 600. Chinaonetsa chibuluma chakuda ngati khala, chooneka ngati mtedza.

Lero filimu inatha ntchito. Mnyamata wa ku Machinjiri kapena Chilomoni amajambula zithunzi zambirimbiri za masekondi ochepa, n'kuzisanjikiza pa kompyuta kuti kuwala kuunjikane, madontho achabe afafanizike. Magetsi akazima, mlalang'amba umaonekera bwino pamwamba pa Michiru. Koma naye amachezera usiku wonse akulimbana ndi thambo lofiirira chifukwa cha nyali za m'tauni ndi utsi wa mbaula.

Halley inafika kumapeto kwa njira yake mu Disembala 2023, ndipo inatembenuka. Idzafikanso pafupi ndi dzuwa mu Julaye 2061. Julaye, ku Blantyre kuno, ndi nyengo ya chiperoni.